Khadi Limene Ndinathetha Ndisanaliwerenge

Tabweretsani kuno kabokosi kangako, ana inu. Iwe Tadala, ndakumva bwinobwino ukuti ndi nkhuni zabwino zoyatsira mbaula. Makutuwa ndi okalamba koma sanafe. Ndipo iwe Yamikani, usakazondotse choncho, makhadi ali m'menemowo akamwazika pansi palibe mwa inu angawabwezere m'malo mwake, ngakhale mutafunsa mafoni anuwo tsiku lonse. Ndiikireni pamiyendo apa. Poti mwakafukula nokha pansi pa bedi, khalani pansi mumve chifukwa chake kabokosi kameneka kasamuka nane nyumba zinayi, pamene makapu a ukwati wanga anathera m'njira.

Inu mwandidziwa ndili kale nkhalamba yodandaula mawondo. Koma ine ndinali woyang'anira laibulale pa sekondale ina kufupi ndi Old Town, zaka zija likulu la dziko limasamuka ku Zomba kubwera kuno. Malemu agogo anu aamuna anali kalaliki m'boma, ndiye ofesi yawo itanyamuka, nafenso tinanyamuka. Tinabwera pa lole, ine nditakhala pamwamba pa matilesi, bambo ako iwe Tadala ali kumsana, mafaelo a boma ali pansi pathu. Tinasiya Zomba wobiriwira, madzi akutsika m'phiri, n'kufika kuno tili psuu ndi fumbi mpaka m'mano. Ndinalira sabata yathunthu, osakubisirani.

Lilongwe wa nthawi imeneyo mukanamuzungulira wapansi dzuwa lisanafike pamutu. Tauni inali mlatho, msika, masitolo a amwenye, ndi nyumba za maluwa za ku Area 3. Kumene mukuti City Centre, kumene amayi anu amapita atavala zidendene zazitali, kunali tchire, minda ndi midzi ya anthu, akatapila akukankha dothi kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Loweruka tinkatsikira kumsika kukagula ufa ndi usipa, kenako n'kulowa m'tiyirumu kukamwa tiyi wamkaka ndi chikondamoyo chotentha, chophika m'chitini, moto pansi moto pamwamba. Inu ndi makeke anu okoma ngati sopowo simungamvetse.

Laibulale yanga inali chipinda chimodzi, mashelefu asanu ndi limodzi, ndi mawindo atatu oyang'ana ku mpanda wa maluwa. Mabuku ambiri anali a mphatso, ochokera kunja, onena za mafumu a m'maiko ozizira. Zida zanga zinali chidindo cha tsiku lobwezera buku, taipilaita yolira ngati chigayo, ndi kabati ya timabokosi ngati aka, mmene buku lililonse linali ndi khadi lake. Buku likang'ambika ndinkaphika phala la ufa wa chinangwa n'kulimata, mphemvu n'kumandithokoza. Ndinkapukuta fumbi kawiri patsiku ndipo ndinali wolusa. Ana ankanditcha Mayi Chete, akumaganiza kuti sindikudziwa. Mukuseka chiyani? Inunso dzina mudandipatsa, ndikulidziwa.

Tsiku lina kunalowa a Chimwaza, mphunzitsi wa mbiri yakale, munthu wamtali, wachoko m'tsitsi nthawi zonse. Anaunjika makope patebulo panga.

"Mayi, tawerengani izi. Kalasi yonse yalemba chimodzimodzi, mawu ndi mawu."

Ndinatsegula kope loyamba, lachiwiri, lachitatu. Onse anakopera buku limodzi la pa shelefu yanga. Ena anakopera mpaka pamene bukulo limati onani chithunzi patsamba lotsatira, chikhalirecho m'kopemo mulibe chithunzi.

"Amenewa si ana anga okha," a Chimwaza anatero. "Akubera m'nyumba mwanu. Tithandizane."

Mutu umodzi susenza denga. Tinakhala pansi masana angapo, n'kugwirizana kuti Lachisanu lililonse a Fomu 3 azibwera kwa ine pamodzi ndi aphunzitsi awo. Mwana aliyense tinkamupatsa makhadi odula kuchokera ku makatoni akale. Khadi limodzi, mfundo imodzi, m'mawu akeake. Pansi pa khadi alembe kumene waitenga. Ndipo mfundo isalowe m'kope isanapeze mboni ziwiri zogwirizana. Funso lathu linali limodzi: wazitenga kuti? Linafala pasukulu ponse, moti ngakhale mwana akamanamizira mnzake kuti waba sopo, anzake ankakuwa kuti wazitenga kuti. Aphunzitsi a jogalafe anabweretsa kalasi yawo, a sayansi nawonso. Ine ndinkayenda ngati ndagula sukuluyo.

Koma pa lamulo lathulo ndinawonjezapo langa, a Chimwaza osadziwa. Ndinkauza ana kuti mboni ndi buku basi: dzina la wolemba, dzina la buku, nambala ya tsamba. Zongomva m'makwalala ndinkati ndi miseche.

Chimanga chitayamba kuuma m'minda, a Chimwaza anapereka ntchito yoti ana afufuze mbiri ya Lilongwe, poti mzindawo unkasintha tikuona. M'laibulale monse munali buku limodzi lokha lokhala ndi masamba ochepa a nkhaniyo, lolembedwa ndi mzungu wina wakale. Ana analimbirana bukulo mpaka chikuto chinachoka.

M'kalasimo munali mtsikana wina, Esinati, wofatsa, wovala nsapato zapulasitiki zosokedwa ndi waya. Mayi ake anamwalira iye ali wa zaka zitatu, ndiye ankakhala ndi amalume ake, a Lufeyo, amene ankagwira ntchito ya m'maluwa pasukulu pathu pompo, n'kumagona m'kanyumba kuseri kwa khitchini. Kwawo kunali kutsidya kwa Lingadzi, cha kumene lero mukuti Area 43. Mudzi umenewo unali utauzidwa kale kuti anthu akangokolola, malole abwera kudzawasamutsa, malowo alowa m'mapulani a mzinda.

Lachisanu lofufuza makhadi, a Chimwaza anaitanidwa ku ofesi, ine n'kutsala ndekha ndi ana. Esinati anabweretsa mpukutu wa makhadi womanga ndi luzi, wochuluka kuposa wa wina aliyense. Ine maso anga anathamangira pansi pa khadi, pa mzere wa mboni. Panalembedwa kuti, "Anandiuza ndi a Lufeyo." Lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu chimodzimodzi.

"Esinati, a Lufeyo ndi buku?" ndinafunsa mokweza. "Ali pa shelefu iti? Wazipeza pa tsamba lanji la a Lufeyo?"

Kalasi yonse inafa nacho chiseko, ndipo ine zinandikomera. Ndinatenga cholembera chofiira n'kuyamba kuthetha, khadi ndi khadi, osawerenga za pamwamba, mpaka lomaliza. Nthawi yonseyo panja pa windo pankamveka chisizasi chodulira mpanda, tcha, tcha, tcha. Nditamaliza ndinazindikira kuti chasiya kulira. A Lufeyo anali ataima pomwepo, chipewa chili m'manja. Esinati anatola makhadi ake, n'kuwaponya m'dengu la zinyalala, n'kutuluka.

Musaganize kuti ndinawatola chifukwa cha chisoni. Makatoni ankasowa, ndiye ndinati kuseri kwake kungalembedwenso. Powasanja m'pamene ndinayamba kuwerenga. Lina limanena za chitsime chimene sichinkaphwa ngakhale chaka cha njala. Lina za kumene anthu ankawolokera mtsinje mlatho usanamangidwe. Lina za malo amene ankasula makasu. Ndipo lomaliza linali ili, lioneni, inki yofiira ikuonekabe: "Amayi anga agona kum'mawa kwa mtengo wa muwanga, mtumbira wachiwiri. Anandiuza ndi a Lufeyo."

Ana inu, manda a kumudzi nthawi imeneyo analibe ziliza za simenti zolembedwa maina. Unali mtumbira wadothi m'kankhalango, ndipo amene ankadziwa kuti apa pagona uje anali anthu, m'mitu mwawo. Mudzi ukabalalika, akuluakulu n'kutha, basi, mayi ako asowa kachiwiri. Mwanayo sankalemba kuti akhoze mayeso. Ankafuna kuti tsiku lina adzathe kuwapeza amayi ake, ndipo ine ndinawathetha ndi inki yofiira, kalasi ikuseka. Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sanandichokebe.

Esinati anasiya kubwera ku laibulale. Ndinawaonetsa a Chimwaza makhadiwo ndikuyembekeza kuti andikalipira. Iwo anangopita pa shelefu, n'kutenga buku la mzungu lija, n'kutsegula kumapeto kumene kumakhala timalemba ting'onoting'ono.

"Inu mumafunsa ana kuti wazitenga kuti. Nanga bukuli munalifunsapo?"

Ndinawerenga. Mzunguyo analemba yekha kuti zonsezo anamva kwa nkhalamba ina ya m'deralo. Ngakhale dzina la nkhalambayo sanalilembe.

"Mwaona?" anatero a Chimwaza. "Nayenso anali ndi a Lufeyo ake. Koma Esinati wamuposa, poti iye dzina walemba."

M'mawa mwake ndinapita kuseri kwa khitchini. Ndinawapeza a Lufeyo akunola chikwanje pamwala. Ine amene ndinkalandira moni wawo ndikuyenda, ndinagwada pafumbi ndi diresi langa la kuntchito.

"Bambo, ndinalakwa. Ndinakunyozani pamaso pa ana, ndipo ndinamulakwira mwana wa mlongo wanu."

Anapitiriza kunola pang'ono, kenako anaika chikwanje pansi.

"Dzukani, mayi, mudetsa zovala. Inu simunaname ayi. Ine si buku. Buku mukalisiya pa shelefu mulipeza mawa. Ine chifuwachi chikundivuta, ndipo malole akubwera. N'chifukwa chake ndinamuuza mwanayu kuti lemba msanga."

Ndinawapempha kuti amuuze Esinati abwerere. Anati kumuuza amuuza, koma kupepesa ndikapepese ndekha pamene ndinamunyozera. Lachisanu lotsatira ndinaima kutsogolo kwa kalasi n'kutero. Simunaone ana atakhala chete ngati tsiku limenelo, ine osawauza n'komwe.

Ine ndi a Chimwaza tinasintha makhadi. Pansi pake tinaika malo a mboni ya munthu: dzina lake, mfunda wake, mudzi, tsiku limene wayankhula, ndiponso ngati anaona ndi maso kapena anangomva. Lamulo la mboni ziwiri linakhala momwemo. Ahedi atalola, tinatenga ana khumi ndi awiri Loweruka lina kupita kumudzi kuja, wapansi, titanyamula mbatata yootcha ndi nzimbe. Koma tinalakwitsanso. Ana anafika atavala yunifolomu, n'kuima pakhomo, n'kusolola zolembera, n'kuyamba, "Dzina lanu ndani?" Anthu anayesa ndife a boma tabwera kudzalemba oyamba kukwera lole. Amayi analowa m'nyumba, abambo onse anasanduka osadziwa kanthu. Tinabwerera makhadi ali oyera, mapazi atatupa.

Ndiye tinaitana a Lufeyo kuti adzaphunzitse. Inde, m'laibulale mwanga, wopanda nsapato, pa simenti imene ndinkaipaka polishi ndekha. Mpando anaukana, anaima pafupi ndi chitseko.

"Munthu wamkulu safunsidwa choimirira," anawauza ana. "Khalani pansi. Perekani moni, mufunse za ana, za zokolola. Nenani kuti ndinu mwana wa yani. Cholembera chikhale m'thumba mpaka iye atanena yekha kuti lemba. Akasochera n'kuyamba nkhani ya mbuzi yake, musiyeni, njira yake ndi yomweyo. Ndipo kamchere musaiwale."

Ulendo wachiwiri tinabwerako ndi makhadi odzaza thumba. Ambiri mwa amene ali m'kabokosi aka ndi a tsiku limenelo ndi Loweruka zotsatira. Koma nkhani ya Esinati inali isanathe, chifukwa khadi lake linali ndi mboni imodzi, ndipo kumanda sikulowedwa ngati kumsika. Tinadikira tsiku limene amfumu anaika loti mudzi wonse ukalambule manda ndi kutsanzika ogona, anthu asanasamuke. A Lufeyo anatipemphera, ndipo ine ndi a Chimwaza tinaloledwa kulowa nawo. Ana enawo anatsala m'mudzi.

Inali nyengo ya mwera, mphepo ikulowa m'mafupa. Ndinavala chitenje ndi mpango, n'kugwira tsache ngati amayi ena onse. Titafika pa muwanga, a Lufeyo analoza mtumbira wachiwiri. Esinati anali atabwera ndi mboni yake ina, gogo wina wa m'mudzimo, a Naphiri, amene anasambitsa nawo mtembo wa mayi ake. A Naphiri anayang'ana, n'kupukusa mutu.

"Iyayi, Lufeyo. Apo pagona mlendo uja anadwalira kwa amfumu. Mlongo wako ndi wachitatuyu."

"Ine ndinalipo, mayi. Dothi ndinaponya ndi dzanja langali."

"Unalipo, koma unkalira. Ine ndinkaona."

Esinati anatembenukira kwa ine. "Madamu, ndilembe ziti?"

Mtima wanga unkafuna kunena kuti lemba za amalume ako, poti ndinali nditawanyoza kale kamodzi. Koma a Chimwaza anafunsa motsitsa mawu, ngati tili m'kalasi, "Esinati, mboni ziwiri zikasiyana timatani?"

"Timafuna yachitatu, sala."

Esinati anagwada pafupi ndi a Naphiri, cholembera chili m'thumba, n'kufunsa pang'onopang'ono za tsiku la malirolo. Gogoyo anayamba ndi mvula imene inagwa, n'kupita ku nkhuku imene inasowa pasiwa, n'kubwerera. Palibe anamudula. Kenako anati, "Ndipo mbale yake ndinaiboola ndekha ndi msomali. Yachitsulo, yoyera, ya mkombero wobiriwira." Paja kale chiwiya chimene munthu ankadyera ankachiboola kuti wina asachitole, n'kuchisiya pamtumbira pake.

Tinayamba kupalasa masamba ndi manja. Pa mtumbira wachiwiri tinapeza phale la mphika. Pa wachitatu, Esinati anakanda dothi pang'ono, ndipo mkombero wobiriwira unatulukira. Anaizula mbaleyo, bowo lili pakati. Sanalire mokuwa. Anaipukuta ndi chitenje chake, n'kuibwezera pomwepo.

A Lufeyo anakhala pansi, miyendo atatambalitsa. "Ha! Zaka zonsezi ndakhala ndikudandaulira mlendo mavuto a kwathu." Anthu anaseka misozi ili m'maso. Kenako a Lufeyo anati, "Lemba, mwana wa mlongo wanga. Ulembenso kuti Lufeyo anaphonya ndi mtumbira umodzi, kuti wobwera m'mbuyo asadzasochere."

Esinati anayeza ndi mapazi kuchokera patsinde la muwanga kulowera kotulukira dzuwa. Anakwana khumi ndi anayi. Analemba khadi latsopano, mboni zitatu: a Lufeyo, a Naphiri, ndi mbale. Analemba awiri ofanana, lina lake, lina la m'laibulale. Ndinawachonga ndi inki yobiriwira, ndipo cholembera chofiira chija sindinachigwirenso.

Malole anabweradi mwezi wotsatira. Anthu anakweza nkhokwe, zitseko ndi mbuzi, ena anapita uku ena uko. A Lufeyo sanaone dzinja lachiwiri. Esinati anakhoza, anakaphunzira unamwino, n'kukwatiwa kumpoto, ndipo tinatayana. A Chimwaza anasamutsidwira kwina, tinkalemberana makalata mpaka makalata anasiya kubwera. Ine ndinakalambira pa chidindo changa. Nditatsala pang'ono kupuma, sukulu inati kabati ya makhadi yatha ntchito, ipite kukhitchini akasonkhere moto. Ndinasolola kabokosi aka n'kukabisa m'chitenje. Ngati kumeneko n'kuba, ndiye agogo anu ndi mbava, kanene kupolisi.

Tsono mukukumbuka mayi uja anabwera pagalimoto chaka chatha, amene iwe Yamikani unamupatsa madzi osagwada? Ameneyo ndi mwana wa Esinati. Esinati anatisiya. Khadi lake linatayika m'masamukidwe, koma ali m'chipatala anauza mwana wakeyo kuti, "Ukafunefune Mayi Chete ku Lilongwe. Amenewo sataya pepala." Anandifufuza miyezi itatu, kufunsa kutchalitchi ndi kwa aphunzitsi opuma, mpaka anandipeza.

Tinapita limodzi ku Area 43. Ine sindikanazindikira malowo. Mipanda ya njerwa yaitali kuposa nyumba ino, mawaya pamwamba, agalu akuuwa m'kati, alonda ndi antchito a m'nyumba akuyenda m'mbali mwa msewu. Pa chitsime chosaphwa chija pali galaja ya munthu. Koma kankhalango ka manda anakasiya, kapanikizika pakati pa mipanda iwiri. Tinapeza wa kubanja la amfumu amene amayang'anirabe malowo, ndipo anatilowetsa. Muwanga ulipo, wanenepa. Mitumbira yonse inaphwa, pansi pangokhala see. Mayiyo anagwira khadi, n'kuyang'ana kotulukira dzuwa, n'kuyamba kuwerenga mapazi mokweza ngati mwana wa sukulu. Pa khumi ndi anayi anagwada n'kukanda. Mbaleyo inali itadyeka ndi dzimbiri, koma kachidutswa ka mkombero kanali kobiriwirabe. Pano pali chiliza, dzina lalembedwa.

Khadi labwinolo ndinamupatsa, ndi la kwawo. Ine ndinatsala ndi lothethedwali, ndipo ndikafa musadzalitaye.

Tsono inu mumati chilichonse chili m'foni. Chabwino. Tadala, tafunsa foni yakoyo kuti amayi anga ine agona kuti. Yayankha? Safunsa anadya phula, ana inu, ndipo ine chifuwa changachi mwakhala mukuchimva. Kumbuyo kwa kabokosika kuli makhadi osalemba, solola limodzi. Pansi pake ulembe dzina la mboni. Ayi, osati "Agogo", Agogo si dzina. Dzina langa lenileni, ndi mfunda wanga.

Mwangoyang'anana? Nonse awiri?

Bweza cholembera m'thumba, mwana wanga. Sendera kuno, ukhale pansi bwinobwino. Yamba ndi moni.